NSOMBA ZIKAFA M'DZIWE: NJIRA YOPEZERA CHIMENE CHAZIPHA

Alimi anzathu, chimanga chikachita chikasu m'munda simutaya mtima msanga. Muyamba mwayang'ana masamba, mukumba pa tsinde kuona ngati pali chiswe, mufunafuna kaufiti, ndipo mukumbukira tsiku limene munathira feteleza. Fodya akafota pa nazale muchitanso chimodzimodzi. Koma nsomba zikayandama m'dziwe, mimba ziri m'mwamba, ambiri angogwira pakamwa nanena kuti, "Zangofa zokha," kapena kuti, "Wina wandithirira mankhwala." Mau onse awiriwa ali oopsa. Oyambawo amsiya mlimi wosaphunzira kanthu, kotero kuti nsomba zimene adzaikamo chaka chamawa zidzafanso imfa yomweyo. Achiwiriwo adanitsa anthu ogundana minda, amene amwa madzi a mtsinje umodzi, ndipo kawirikawiri munthu wonenezedwayo alibe mlandu uli wonse.

Nsomba siifa popanda chifukwa. M'phunziro lino tifuna kukuonetsani njira yofufuzira chifukwacho ndi maso anu, mphuno yanu ndi mkono wanu, musanaitane munthu wa zipangizo. Tilankhula makamaka za maiwe a kudimba, koma tinenanso za nsomba zosungidwa m'nyumba m'bokosi lagalasi, pakuti kuno ku Kanjedza ndi ku Limbe alipo ena amene azisunga chotero, ndipo malamulo a madzi ali amodzimodzi.

KUWETA NSOMBA M'DZIKO LATHU

Nchito imeneyi siinayambe dzulo. M'chaka cha 1906 Azungu anabweretsa nsomba zotchedwa trout naziika m'mitsinje yozizira ya m'mapiri. Zimenezo zinali za masewera awo a mbedza. Kuweta nsomba zathu za kuno kunayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo cha kumapeto kwa zaka zimenezo Boma linakhazikitsa malo oyesera ulimi wa nsomba ku Domasi, m'boma la Zomba, kumene alimi ambiri akhala akutenga mbeu ya makumba ndi chilinguni. Lero mitundu imene ipezeka m'maiwe ambiri ndiyo makumba, chilinguni, chambo ndi mlamba.

Taganizani za mlimi wa dziwe la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Akaika nsomba zitatu pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndiye kuti ali ndi nsomba 600. Wazigula, wazidyetsa madeya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wawerengera kuti zimthandiza ndiwo ndi ndalama ya feteleza fodya asanalowe pa msika. Zonsezi zikhoza kutha usiku umodzi. Chifukwa chache tiyenera kudziwa adani a nsomba monga tidziwira adani a chimanga.

MAFUNSO ANAI OYAMBA

Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukapeza nsomba zakufa, imani kaye pa mlambala wa dziwe, mudzifunse mafunso awa.

Loyamba: Zafa zingati, ndipo m'masiku angati? Zikafa zambiri usiku umodzi, dzulo lache ziri kudya bwino, bvuto liri m'madzi: mpweya watha kapena mwalowa poizoni. Zikamafa ziwiri lero, zisanu mawa, khumi mkuja, ganizirani za matenda. Zikamafa imodziimodzi kwa milungu yambiri, ziri zoonda, ganizirani za njala, kuthinana kapena chakudya choipa.

Lachiwiri: Zafa nthawi yanji? Imfa ya mbandakucha isiyana ndi imfa ya masana.

Lachitatu: Zafa ziti? Zazikulu kodi kapena zazing'ono? Mtundu umodzi kapena mitundu yonse? Nanga achule ndi tizilombo ta m'madzi tiri moyo?

Lachinai: Chasintha nchiani m'masiku atatu apitawa? Kodi kwagwa mvula yamphamvu? Mwathira manyowa? Mwapopera mankhwala m'munda wa kumtunda? Mwaikamo nsomba zachilendo, kapena mwabwereka khoka kwa mnzanu?

Mlimi amene ayankha mafunso anaiwa moona wayenda kale theka la ulendo. Tsopano tiyeni tione adaniwo mmodzimmodzi.

MDANI WOYAMBA: KUTHA KWA MPWEYA

Uyu ndiye amene apha nsomba zambiri m'maiwe koposa ena onse. Nsomba ipuma monga ife, koma mpweya wache, umene ophunzira autcha okosijeni, iutenga m'madzi ndi zopumira zofiira zija ziri m'mbali mwa mutu. Mpweyawu m'madzi uli wochepa ndithu. Lita imodzi ya madzi ozizira pa madigiri 20 isunga mamiligalamu 9 okha, ndipo madzi akatentha kufika madigiri 30 asunga 7 ndi theka. Tsono pa nyengo yotentha ya October ndi November nsomba zifuna mpweya wambiri, pamene madzi asunga wochepa.

Dziwe labwino liri lobiriwira chifukwa cha tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene tiri chakudya cha makumba. Dzuwa likamawala tizomerati tipanga mpweya. Dzuwa likalowa tileka kupanga, ndipo tiyamba kuupuma pamodzi ndi nsomba, pamodzinso ndi tizilombo tobvunditsa manyowa pansi pa dziwe. Usiku wonse onse ali kudya m'nkhokwe imodzi popanda woikamo. Potero mpweya uchepa kwambiri kutatsala pang'ono kucha. Kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu motsatana, nkhokweyo siidzala masana, ndipo usiku wachitatu itha.

Zizindikiro zache ndi izi. M'mamawa nsomba zonse ziri pamwamba, kukamwa kuli yasa, kapena zaunjikana polowera madzi. Zazikulu ndizo ziyamba kufa, zazing'ono zitsala. Zakufazo zapindika msana, kukamwa ndi zotsekera za zopumira ziri zotseguka. Dzuwa likakwera, zotsalazo zimira ndi kuyamba kusambira bwino. Milamba siibvutika, pakuti mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, ndipo achule ali moyo. Mukaona zotere musanenere munthu ali yense.

Mvula yoyamba iri ndi choopsa chache. Madzi a mvula ali ozizira ndi olemera, ndipo akagwa ambiri amira pansi nakankhira m'mwamba madzi onunkha a pansi amene alibe mpweya. Zofanana ndi zimenezi zichitika ngakhale ku Nyanja ya Malawi. Nyanjayo iri yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupyola mamita 250 kunka pansi mulibe mpweya, ndipo nsomba sizikhalako. Mwera ukaomba kwa masiku ambiri ukokera madzi a pansi kumwamba kumbali ya kumwera kwa nyanja. Dziwe lanu liri nyanja yaing'ono.

Yesani madzi anu ndi mkono. Lowetsani mkono m'dziwe, chikhato chitayang'ana kumwamba. Chikhato chikasowa pamene madzi afika pa chigongono, kubiriwira kwache kuli kwabwino. Chikaonekabe madzi atapyola chigongono, dziwe lifuna manyowa. Koma chikasowa madzi asanafike pakati pa dzanja ndi chigongono, manyowa achuluka, ndipo ngozi iri pafupi.

Chithandizo chache chifunika nthawi yomweyo. Tsegulani ngalande kuti madzi atsopano alowe, ndipo ngati nkotheka agwe kuchokera pamwamba ndi kuthobvoka. Tulutsani ena a madzi akale. Itanani a pabanja panu atunge madzi ndi zidebe ndi kuwakhuthulira momwemo kuchokera m'mwamba, kapena amenye pamwamba pa madzi ndi nsungwi, koma asabvundule matope a pansi. Lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa masiku awiri kapena atatu. Ngati nsomba zathinana chifukwa cha kuswana, patulaniko zina monga mupatulira chimanga pa phando.

MDANI WACHIWIRI: CHAKUDYA CHOTSALA NDI MANYOWA OCHULUKA

Alimi ambiri ayesa kuti kudyetsa kwambiri ndiko kukonda ziweto. Ku nsomba sikutero iai. Madeya amene nsomba sizinadye amira nabvunda. Pobvundapo atha mpweya, natulutsa chinthu chotchedwa amoniya. Pfungo loswa mphuno limene mulimva m'khola la nkhuku losasesa ndi amoniya yemweyo, ndipo feteleza wa urea akasungunuka asanduka chomwecho. Chimene chilimbitsa chimanga m'munda chiotcha zopumira za nsomba m'madzi. Ululu wa amoniya ukula madzi akatentha, makamaka dzuwa litapendeka m'dziwe lobiriwira kwambiri. Tsono mukaona nsomba ziri wefuwefu masana, zosafuna kudya, zopumira zache zotupa kapena zotumbuluka, kumbukirani zimene mwathira m'dziwemo mlungu umenewo.

Muyeso wa chakudya uli wotere: pa tsiku nsomba zidye magawo 3 kufikira 5 pa magawo 100 ali onse a kulemera kwao. Nsomba 600 zija, iri yonse ikamalemera magalamu 50, zonse pamodzi zilemera makilo 30. Chakudya chao pa tsiku chikhale magalamu 900 kufikira kilo imodzi ndi theka, chogawidwa pawiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko masana. Thirani pa malo amodzi masiku onse kuti muziona ngati zitsiriza. Zikasiya, chepetsani mawa lache.

Chenjeraninso ndi madeya a chuku. Gaga wosungidwa ponyowa amera nkhungu imene iononga chiwindi cha nsomba, monga ichitira ndi nkhuku ndi anthu omwe. Nsomba zodya zotere sizifa tsiku limodzi, koma zileka kukula ndi kumafa pang'onopang'ono. Yanikani madeya aume gwa musanawasunge.

MDANI WACHITATU: POIZONI WOCHOKERA KUMUNDA NDI KUMUDZI

Poizoni alipo ndithu, koma nthawi zambiri salowa ndi mdani wa usiku. Alowa ndi manja a mwini dziwe, kapena a mnansi amene sanadziwe chimene achita.

Chiyambire nyengo ya 2016 ndi 2017, pamene mbozi zachilendo zodya chimanga zinalowa m'dziko muno, alimi ambiri apopera mankhwala monga cypermethrin. Mankhwala a mtundu umenewu apha nsomba ngakhale atasungunuka m'madzi ochuluka zedi. Kutsukira mpope mu ngalande yopita ku dziwe, kapena kutunga m'dziwe ndi chidebe chimene munasungunuliramo mankhwala, nkokwanira kupha zonse. Momwemonso ndi mankhwala a pa nazale ya fodya, pakuti nazale zambiri ziri pafupi ndi madzi. Matumba amene munasungiramo chimanga chothira Actellic asachapidwe pa dziwe. Masikito onyikidwa m'mankhwala a udzudzu nawonso asachapidwepo, ndipo asasanduke khoka.

Fodya mwini wache ali poizoni wa nsomba. Chikonga chimene chiri m'masamba, m'mitengo ndi m'pfumbi la m'chigafa chisungunuka m'madzi. Mukazula mitengo ya fodya mutatha kukolola, musaiunjike m'mbali mwa dziwe kumene mvula idzaikokolola. Ombwe, umene ena aubzala kuti ubwezere chonde m'nthaka, uli m'gulu la zomera zimene makolo anali kusinja popha nsomba m'mitsinje, njira ija ya katupe. Ubzalidwe kutali ndi dziwe. Kupha nsomba ndi poizoni nkoletsedwa ndi lamulo la za nsomba. Chinangwa chowawa chisabviikidwe m'dziwe la nsomba, ndipo madzi a ku dibi la ng'ombe asayenderere komweko.

Ife a m'mbali mwa mzinda tiri ndi bvuto linanso. Mitsinje yonga Mudi, Naperi ndi Limbe ipyola pakati pa nyumba, misika, magalaji ndi mafakitale, ndipo itenga sopo, mafuta ndi zonyansa za m'zimbudzi, makamaka pa mvula yoyamba. Amene apatutsa madzi a mitsinje yotere atseke ngalande yao mvula yoyamba ikamagwa, naitsegule madzi atayera. Kasupe wa m'dambo aposa mtsinje wodzera m'tauni.

Imfa ya poizoni izindikirika motere. Ibwera nthawi iri yonse, usana kapena usiku. Zazing'ono ziyamba kufa, ndipo pambuyo pache zifa zonse, milamba yomwe. Nsomba zizungulirazungulira, zinjenjemera, zina zilumphira kumtunda. Achule ndi tizilombo ta m'madzi tifanso. Mukaona zotere, yendani motsata ngalande kunka kumtunda, muone pamene zamoyo za m'madzi ziyambira kufa.

Pali kuyesa kwina kumene mwana wa sukulu akhoza kuchita. Tengani zidebe ziwiri zoyera. M'chimodzi thirani madzi a m'dziwe lokayikitsalo, m'chinacho madzi a pa chitsime. Madzi onse awiri muwakhuthule uku ndi uku kangapo kuti alowe mpweya wokwanira. Tsono ikani tinsomba titatu tamoyo ta m'dziwe lina m'chidebe chiri chonse. Tikafa ta m'madzi a m'dziwe, ta m'madzi a pa chitsime tiri moyo, mwadziwa kuti m'madzimo muli choipa, ndipo si kutha kwa mpweya. Tikakhala moyo tonse, funani chifukwa china.

MDANI WACHINAI: CHISANU

Limbe ali pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo tonse tichidziwa chiperoni cha June ndi July. Makumba, chilinguni ndi chambo ziri nsomba za madzi ofunda. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 20 zichepetsa kudya, akafika cha m'ma 16 zingoti duu pansi, ndipo akayandikira madigiri 10 ziyamba kufa. Dziwe losaya lizizira msanga usiku. Chifukwa chache mbali yakuya ya dziwe ikhale mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo mitengo isatchinge dzuwa la m'mawa.

M'miyezi yozizira chepetsani chakudya, pakuti chimene sizidya chibwerera kwa inu ngati mdani wachiwiri uja. Musakoke khoka kawirikawiri, ndipo musasamutse mbeu ya nsomba. Nsomba yozizidwa ikasupuka mamba, pa balapo pamera nkhungu yoyera yonga thonje, ndipo masiku owerengeka yafa.

MDANI WACHISANU: MATENDA

Kwa zaka zambiri alimi a kuno sanali kuopa matenda a nsomba. Zinthu zinasintha mu July 2020, pamene Boma linalengeza kuti m'boma la Mchinji mwabuka matenda a zilonda zofiira, amene akatswiri awatcha EUS. Nsomba za mumtsinje wa Bua ndi m'madambo ozungulira zinapezeka ndi zilonda, ndipo Boma linayamba laletsa kupha, kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'deralo. Pambuyo pache matendawa anaonekanso m'maboma ena. Sanayambire kuno. Anaoneka koyamba ku Japan m'chaka cha 1971, nafalikira m'maiko a ku Asia, ndipo m'chaka cha 2006 anafika mu Africa, m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi.

Chimene chiwayambitsa ndi kachilombo konga nkhungu, kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kalowera pa khungu losupuka ndi kudya mnofu kunka m'kati. Poyamba paoneka timadontho tofiira, kenaka chilonda chachikulu chakuya, chofiira pakati ndi chotuwa m'mbali. Nsomba yodwala isambira mofooka pafupi ndi pamwamba. Milamba ndi matemba zigwidwa kawirikawiri. Matendawa akonda nyengo yozizira, ndiponso nthawi imene kwagwa mvula yambiri. M'mitsinje alibe mankhwala. Ayenda ndi nsomba zamoyo, ndi madzi osefukira, ndi makoka onyowa.

Paja amati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Chifukwa chache tetezani dziwe lanu motere. Gulani mbeu kwa oweta odziwika kwa alangizi a za nsomba, osati yogwidwa mumtsinje. Nsomba zachilendo ziyambe zakhala pa zokha milungu iwiri kapena itatu. Ikani sefa polowera madzi kuti nsomba za kutchire zisalowe. Khoka lobwereka lichapidwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa kufikira liume. Mukakolola, phwetsani dziwe, liume mpaka pansi pang'ambike, ndipo wazani laimu wa kumunda magalamu 100 kufikira 200 pa malo a mita imodzi mbali zonse.

Alipo matenda ena ang'onoang'ono. Mukaona timadontho toyera tonga mchere pa thupi ndi pa zipsepse, nsomba ziri kudzikhula ku zinthu, timeneto ndi tizilombo ta pakhungu. Nsomba zowerengeka mukhoza kuzisambitsa m'madzi a mchere: magalamu 200 a mchere m'chidebe cha malita 20, kwa mphindi 20, ndipo muzichotse msanga zikayamba kugona cham'mbali. Koma kumbukirani kuti matenda agwira nsomba imene yafooka kale ndi madzi oipa. Mukachiza nsomba osakonza madzi mwataya mchere wanu.

Tisaiwale adani a mano ndi milomo. Nsomba yakufa yokhala ndi bala lobooka kapena yodyedwa mutu yakomana ndi mbalame, katumbu kapena ng'azi. Yang'anani mapazi pa matope, ndipo lambulani udzu wozungulira dziwe.

NSOMBA ZA M'BOKOSI LAGALASI

Nyanja yathu iri ndi mitundu ya nsomba yochuluka koposa nyanja ina iri yonse pa dziko lapansi. Nchifukwa chache dera la ku Cape Maclear linapatulidwa m'chaka cha 1980 kukhala malo otetezedwa, ndipo bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wache m'chaka cha 1984. Mbuna zokongola za m'miyala ya kumeneko zisungidwa m'nyumba za anthu ku London, ku Berlin ndi ku Tokyo. Amene mufuna kusunga nsomba m'nyumba kuno, kapena aphunzitsi amene mufuna bokosi lotere m'kalasi, dziwani kuti adani ali omwe aja, koma m'madzi ochepa afulumira.

Choyamba ndi madzi a pa mpopi. Madzi a mumzinda wa Blantyre, ochokera ku Walker's Ferry pa Shire ndi ku damu la Mudi, athiridwa klorini kuti anthu asadwale. Kwa ife ali mankhwala abwino, koma aotcha zopumira za nsomba. Nsomba zikafa maola owerengeka mutasintha madzi, chifukwa chache ndi chimenechi. Tungani madziwo akhale m'chidebe chosabvundikira masiku awiri, kapena thiranimo mankhwala ochotsa klorini.

Chachiwiri ndi bokosi latsopano. M'bokosi lokhazikika muli tizilombo tabwino tokhala m'timiyala ndi m'sefa, timene tisandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ali poizoni, ndi kusandutsanso nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri. Tizilomboti titenga milungu inai kufikira isanu ndi umodzi kuti tichuluke. Munthu akadzaza nsomba tsiku loyamba, ziyamba kufa mlungu wachiwiri, madzi ali mbee. Yambani ndi nsomba ziwiri kapena zitatu. Musatsuke sefa ndi sopo kapena ndi madzi a pa mpopi, koma ndi madzi akale a m'bokosimo. Musataye madzi onse nthawi imodzi. Sinthani gawo limodzi la magawo anai mlungu uli wonse.

Chachitatu ndi za m'nyumba. Magetsi akazima, makina opopera mpweya aima. Pamenepo musadyetse, ndipo muzitunga madzi ndi kapu ndi kuwakhuthulira momwemo. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu agwera pa madzi. Bvundikirani bokosi ndi kuzimitsa makina a mpweya musanapopere. Manja a mafuta odzola kapena a fodya asalowemo. Ana auzidwe kuti wodyetsa ali mmodzi, ndipo chakudya chikhale chotha m'mphindi ziwiri. Dziwaninso kuti mbuna ziri zandeu: imodzi ikamabisala pa ngodya, zipsepse ziri zong'ambika, yamenyedwa ndi zinzache, ndipo ifuna miyala yobisalamo.

ZOCHITA TSIKU LA NGOZI

1. Lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa.
2. Lowetsani madzi abwino, pokhapokha mutatsimikiza kuti poizoni sanadzere m'ngalande yomweyo.
3. Ngati muganizira matenda kapena poizoni, musatulutsire madzi a m'dziwe mumtsinje kapena m'dziwe la mnzanu.
4. Vuulani zakufa zonse, muziwerenge, muyang'ane khungu ndi zopumira. Zopumira za nsomba yabwino ziri zofiira. Zotuwa, zakhofi kapena zamamina zisonyeza bvuto.
5. Zakufazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, mutawaza laimu. Musadye, musagulitse, musayanike, ndipo musapatse agalu kapena nkhumba. Nsomba ya zilonda kapena yofa ndi mankhwala ikhoza kudwalitsa banja lonse.
6. Tungani madzi a m'dziwe m'botolo loyera. Tengani nsomba ziwiri kapena zitatu zodwala koma zamoyo m'chidebe, pakuti yobvunda siiuza katswiri kanthu.
7. Dziwitsani mlangizi wa za nsomba kapena wa za ziweto tsiku lomwelo, ndiponso anzanu a maiwe oyandikana nanu. Safunsa anadya phula.

BUKU LA DZIWE

Mlimi wa fodya adziwa tsiku limene anafesa, tsiku limene anaokera ndi mabelo amene anagulitsa. Dziwe nalonso lifuna kope lache. Lembani tsiku loika mbeu, kumene inachokera ndi chiwerengero chache. Muyeso wa chakudya ndi manyowa. Masiku a mvula yamphamvu ndi a mitambo. Masiku opopera mankhwala m'minda yoyandikira. Ndi nsomba iri yonse yakufa. Pitani ku dziwe kawiri pa tsiku, makamaka dzuwa lisanatuluke, pakuti nthawi imeneyo ndiyo dziwe lionetsa zobisika zache. Mlangizi akafika napeza kope lotere, nchito imene ikadatenga mlungu itha ola limodzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Mlimi wapeza makumba akuluakulu 80 atafa m'mamawa, kutachita mitambo masiku atatu. Milamba ndi achule ali moyo. Chazipha nchiani, ndipo achitenji?
2. Nchifukwa ninji tichepetsa chakudya cha nsomba mu June ndi July?
3. Tchulani zinthu zinai za pa munda wa chimanga ndi fodya zimene siziyenera kufika ku dziwe.
4. Nsomba 400, iri yonse yolemera magalamu 100, zifuna chakudya chochuluka bwanji pa tsiku?
5. Mnzanu afuna kubwereka khoka lanu, ndipo mwamva kuti nsomba zache ziri ndi zilonda. Mudzamuyankha chiani, ndipo mudzamthandiza bwanji?

Kambiranani mafunsowa ndi anzanu, amai ndi ana omwe, pakuti kawirikawiri iwo ndiwo adyetsa nsomba ndi kuchapa pafupi ndi dziwe. Amene muli ndi maiwe, yesani madzi anu ndi mkono mlungu uno, ndipo mudzatiuze chimene mwapeza tikadzakomana pa munda wachitsanzo.

Ife anu,
Mlangizi wa za Ulimi, Kanjedza.